Moni Amene Ndinadumpha

Ntchito yanga inali ndi dzina lalitali la Chingerezi, koma ife eni ake tinkadzitcha aganyu. Tinkaphunzitsa pa koleji ina mu Mzuzu, ndipo dzina lake sinditchula chifukwa ndikufunabe kudya. Waganyu amalowa m'kalasi ngati lekichala wina aliyense ndipo amachonga mayeso ochuluka kuposa onse, koma alibe ofesi, alibe penshoni, ndipo semesita ikatha sadziwa ngati adzamuitananso. Ofesi yanga inali pansi pa mtengo wina kuseri kwa laibulale. Wophunzira akafuna kundiona tinkakumana pamenepo, ndipo mvula ya ku Mzuzu ikayamba kuwaza, monga mwa khalidwe lake, ofesi inkatsekedwa.

Malipiro ankabwera akafuna okha. Pamwamba pa izo ndinali ndi ngongole yangayanga ya sukulu, imene ndinaphunzirira digiri yoyamba. Choncho ndinali munthu wangongole, wophunzitsa ana angongole, pa koleji imene nayonso inali isanandilipire. Nthawi zina ndinkaima kutsogolo, choko chili m'manja, n'kuona kuti m'chipinda chonsecho mulibe mfulu ndi mmodzi yemwe.

Wogawa makalasi anali mkulu wa dipatimenti yathu, a Pulofesa, bambo wa ku Lupaso, wofatsa, wokonda masuti otuwa, mkulu wa mpingo. Sanandikalipirepo. Semesita iliyonse isanayambe ankaimbira foni aganyu amene awafuna, ndipo amene sanaimbiridwe ankadziwa yekha. Ine ndinali ndi makalasi awiri. Makalasi amenewo ndiwo ankandisunga ku Geisha, dera lina la mu Mzuzu, m'kanyumba ka chipinda ndi balaza, ine ndi mwana wanga wamkazi wa ku pulayimale. Akanachoka, kotsala kunali kwa achimwene ku Lilongwe, kumene alamu anga anali atandiuza kale, ndi chikondi chonse chimene munthu angachifinye pakati pa mano, kuti pabalaza pawo pali malo.

Tsiku lina a Pulofesa anandiitana. Anati kukhala msonkhano waukulu ku hotela ina m'tauni, wokambirana za aphunzitsi aganyu ndi ngongole za ophunzira, ndipo azungu olipira msonkhanowo akufuna kuti pa tebulo la olankhula pakhale waganyu weniweni, komanso pakhale mzimayi. Ine ndinali zonse ziwiri, ndiye ndinawapulumutsira mpando umodzi. Iwo ndiwo anali wapampando wa zokambiranazo.

"Madamu, mukalankhule momasuka chomene," anatero. "Kungoti mukumbukire kuti tidzakhala ndi alendo."

Ndinamva zonse ziwiri, choyamba ndi chachiwiri.

Mnzanga wina waganyu, wophunzitsa masamu, wobadwira ku Katawa konkuno, atamva anaseka mpaka kugwira khoma. Malangizo ake anali achidule: ndikapite, ndikadye, ndikasayinire alawansi, ndibwereko pakamwa pali potseka. Anandikumbutsa kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo fodya wanga anali makalasi awiri aja. Ndinamuyankha kuti andipatsa mphindi zisanu zathunthu, ndipo chiyambireni ganyu ameneyu palibe amene anandipatsapo ngakhale theka la mphindi. Sabata yonse ndinakonza zolankhula zanga. Zinali zaulemu, zopanda minga yoonekera, koma munthu womvetsera bwino zikanamubaya. Ndinaziyeserera kuseri kwa nyumba pamaso pa nkhuku za alandilodi, ndipo sizinatsutse chilichonse.

Aliyense amene anakhalapo pa msonkhano m'dziko muno akudziwa kuti munthu sungangoimirira n'kuyamba kunena zimene wabwerera. Umayamba wapereka moni, ndipo moniyo ali ndi makwerero. Umayambira pamwamba, kwa mlendo wolemekezeka, n'kumatsika mmodzimmodzi, aliyense ndi udindo wake wonse, mpaka kukafika kwa amayi ndi abambo, amene ndi ife tonse otsala opanda dzina. Wolankhula aliyense amabwereza makwerero omwewo ngakhale mnzake wangowatsika kumene. Anthu amanamizira kuti sakumvetsera, ena amasewera ndi foni, koma yense ali tcheru kudikira pamene atchulidwe. Ndinakula ndikuzidziwa zimenezi. Bambo anga anali mlembi wa komiti ya sukulu kwathu ku Dowa, ndipo ankatha kupereka moni mpaka tiyi kuzizira.

Tsiku la msonkhano kunacha ndi nkhungu ya mu Juni, yozizira mpaka m'mafupa. Ndinavala suti yanga ya pa kaunjika, ndinakwera kabaza, ndipo ndinatsikira patali pang'ono ndi geti la hotela kuti olowa ndi magalimoto asaone. Muholo munali tebulo lapamwamba lofundidwa nsalu yoyera, lili ndi mabotolo a madzi ndi timbale ta maswiti. Chikwangwani chachikulu kumbuyo chinali ndi chithunzi cha ana ovala mikanjo akuponya zipewa m'mwamba, onse akuseka ngati alibe ngongole.

Mlendo wolemekezeka, bwana wina wochokera ku Lilongwe, anachedwa. Tinadikira. Woyendetsa mwambo anatha nthabwala zake zonse n'kuyamba kubwereza zoyambirira. Titamva kuti bwana afika tinaimirira, tinapemphera, ndipo anthu angapo anapereka moni n'kuitana wina woti aitane wina woti aitane bwanawo. Iwo anawerenga zimene anawalembera, anapunthwa pa mawu awiri atatu, n'kunena kuti nkhani imeneyi ili pamtima pawo. Kenako tinatuluka kukajambulitsa. Chithunzi chitangotheka, bwana analowa m'galimoto, ndipo mtima wawo unapita nawo limodzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, koma awa anakamuka dzuwa lisanatuluke n'komwe.

Za tiyi sindinena zambiri. Ndinaona madokotala a maphunziro akukankhana pa mbale ya samusa, ndipo nane ndinakankha nawo, chifukwa pamenepo pokha ndi pamene waganyu ndi wolembedwa ntchito amafanana.

Zokambirana zathu anazikankhira kumasana, anthu atakhuta mpunga ndi nkhuku. Pa tebulo tinalipo anayi. Kumapeto kunali bwana wa kuofesi yokongoza ophunzira, kenako mayi wina wofufuzafufuza wochokera ku Zomba, kenako a Pulofesa, ndipo ine ndinakhala pambali pawo penipeni, chigongono changa chikukhudza suti yotuwa. Anakonza kuti ndilankhule pomaliza, ati kuti mawu a waganyu akhale otsekera.

Bwana wa ngongole anayamba ndi moni kwa mlendo wolemekezeka, amene mpando wake unali wopanda munthu, n'kutsika makwerero onse osadumpha limodzi. Atatero anadandaula kuti omaliza maphunziro akubisala, sakubweza, asintha manambala a foni. Anayang'ana holo yonse n'kunena moseka kuti mwina ena ali m'chipinda momwemo. Anthu anaseka. Ine ndinatsegula botolo la madzi n'kumwa pang'onopang'ono.

Mayi wa ku Zomba nayenso anatsika makwerero, kenako anayatsa makina oonetsera pakhoma. Ife aganyu ankatitchula kuti gulu losatetezeka. Anationetsa tili mizere yofiira ndi yobiriwira, tikukwera ndi kutsika. Magetsi anathima pakati, tinadikira jenereta, ndipo itayaka anayambiranso poyambirira kuti tisasokonezeke. Ankalankhula za ife ngati mtundu wa mbalame zosowa zimene anakaziona ku Nyika, pamene imodzi inali itakhala mipando iwiri kuchokera pa iwo ikutafuna switi.

Ali mkati, woyendetsa mwambo anabwera chowerama n'kunong'oneza a Pulofesa. Ndinamva zonse chifukwa ndinali pafupi. A hotela ankafuna holo, kunali phwando la mkwatibwi madzulo amenewo, ndipo amayi okongoletsa anali atafika kale ndi mabaluni. Mayi wa ku Zomba atakhala pansi, a Pulofesa ananditembenukira, anandipatsa maikolofoni m'manja, n'kunena motsitsa mawu kuti ndili ndi mphindi ziwiri.

Mphindi ziwiri ndi moni basi. Ndinawerengera msanga n'kuona kuti ndikatsika makwerero onse ndifika pansi nthawi itatha, ndipo ndikawadumpha ndi mawu atatu aja a Chingerezi odulira njira, akuti ulemu wonse waperekedwa, anthu adzati waganyu wadzimva. Ndinakwiya. Sabata yonse ndi nkhuku zija, suti ya pa kaunjika, kabaza m'nkhungu, zonsezo kuti ndidzangotchula maudindo a anthu okhuta. Ndinati chabwino, ngati chatsala ndi moni, ndipereka moni. Chingerezi chinandithawa, ndinalankhula Chichewa cha kwathu.

"Mlendo wathu wolemekezeka, amene pano muyenera kuti mwadutsa kale pa Jenda, moni. Mpando wanu ulipo ndipo ukumvetsera. Bwana a kuofesi ya ngongole, moni. Mwati ena akubisala muno. Ndine pano, sindinabisale, ndikudikira malipiro a semesita yatha kuti ndikugawireni. Mayi a ku Zomba, moni, gulu losatetezeka lija ndine, mwandiona tsopano ndi maso. Abale athu ochokera kunja, amene mwatigulira samusa, moni. Moni kwa alandilodi anga ku Geisha, amene akhala akuthandiza maphunziro apamwamba m'dziko muno popanda wowajambula chithunzi. Moni kwa aganyu anzanga amene sanabwere chifukwa akuchonga mayeso pamwendo. Moni kwa amene ndinawaphunzitsa, akugulitsa kaunjika mumsika, digiri ili m'sutikesi, ngongole ili kumsana. Moni kwa amene amagona pa desiki m'kalasi mwanga chifukwa cha njala, ine n'kumachita ngati sindikuwaona popeza nane sindinadye. Moni kwa mtengo wa kuseri kwa laibulale, umene ndi ofesi yanga. Amayi ndi abambo, nthawi yanga yatha."

Poyamba ankaseka. Pofika kwa ogona pa desiki kuseka kunali kutatha, ndipo ndinkamva jenereta yokha panja. Nditakhala pansi m'manja munalira mpaka amayi a mabaluni anasuzumira pakhomo. Azungu aja anali atawerama, wina akuwatanthauzira, iwo akulemba mothamanga. Bwana wa ngongole anabwera kudzandigwira dzanja n'kunena kuti ndalankhula ngati mwamuna, poganiza kuti akundiyamikira. A Pulofesa anamwetulira, anathokoza olankhula onse, n'kutseka zokambirana. Ndinasayinira alawansi ndi chimwemwe. Sindinama, tsiku limenelo ndinadzikonda.

Mnzanga wa ku Katawa uja anali atalowa msonkhanowo mozemba nthawi ya nkhomaliro, n'kukhala kumbuyo. Ndinamupeza pa geti akundidikira, manja ali m'chiuno. Ndinkayembekeza kuti andikumbatira.

"Wayowoya makora, iwe," anatero m'Chitumbuka, kuti ndalankhula bwino. "Koma a Pulofesa?"

Ndinamufunsa kuti a Pulofesa atani.

"Mpando wopanda munthu waupatsa moni. Landilodi wamupatsa. Mpaka mtengo, mwe. Koma munthu wakupatsa maikolofoni, yayi."

Ndinaima pomwepo n'kutsikanso makwerero anga m'mutu, kuyambira pa Jenda mpaka pa mtengo. A Pulofesa munalibemo. Wapampando wa zokambirana, amene pa mwambo wathu amabwera wachiwiri kwa mlendo wolemekezeka, ndinamulumpha ngati chithaphwi. Anthu ambiri andifunsa ngati ndinachita dala, ndipo ena amandilemekeza poganiza kuti ndi choncho. Sindinachite dala. Ndinkayang'ana kutsogolo ndi kumbali, ndipo munthu amene wakhala pachigongono pako sumuona. Mnzangayo anati zimenezo ndikauze nkhuku zija, mu Mzuzu muno palibe amene akhulupirire.

Wina anali atajambula mawu anga pa foni, ndipo sabata isanathe anali paliponse. Wa kabaza wina anandibwerezera moni wa alandilodi ndili pa njinga yake, osadziwa kuti wanyamula mwini wake. Alandilodi nawo anamva, anasangalala kwambiri, koma lendi sanatsitse.

Tchuthi chinatha. Aganyu anzanga anayamba kuimbiridwa mmodzimmodzi. Foni yanga ndinkaiyang'ana mpaka kuitsegula kumbuyo kuona ngati khadi lili bwino. Mapeto ake ndinavala suti ija n'kupita ku ofesi ya a Pulofesa. Ndinagogoda, ndinawapatsa moni wa Chitumbuka amene ndinachita kuyeserera panjira, ndinafunsa za amayi kunyumba, za ana, za kumpingo. Anandilandira bwino kwambiri. Anati ndinalankhula zoona zokhazokha, azungu anakhudzidwa chomene, moti avomera kale kulipira msonkhano wina chaka chamawa pa mutu womwewo. Za makalasi anati semesita ino akuyesako nkhope zatsopano. Ndinayamba kupepesa za moni uja, koma anakweza dzanja n'kunena kuti zimenezo ndi zazing'ono, iwo sanazione n'komwe. Ndili pakhomo kutuluka, anawonjezera mawu amodzi akusanja mapepala.

"Kungoti kumpingo anthu akundifunsa ngati ndinalipo pa msonkhano uja."

Ndinayenda wapansi mpaka ku Geisha ndikutukwana chamumtima. Chimene chinandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti pa zonse ndinanena, palibe chimene chinalasa munthu. Ndinanena pagulu kuti koleji sinandilipire, kuti ana akugona ndi njala m'kalasi, kuti ofesi yanga ndi mtengo, ndipo onse anawomba m'manja n'kupita kwawo mitima ili mbee. Akanandichotsa chifukwa cha zimenezo, bwenzi ndikuyenda mutu uli m'mwamba. Anandichotsa chifukwa cha chinthu chimodzi chimene sindinanene.

Tinapita ku Lilongwe. Bedi ndinagulitsa kwa mnzanga wa masamu, amene analira pondiperekeza ku depoti koma sanaiwale kunenerera mtengo. Pabalaza pa achimwene panalidi malo, monga alamu ananenera. Ine ndinkagona pa sofa, mwana pa matiresi pansi, ndipo m'mawa uliwonse tinkapinda zofunda mwamsanga eni nyumba asanadzuke, kuti balaza lioneke ngati simugona anthu. Mwanayo anasiya kuimba posamba. Sanandifunsepo chifukwa chimene tinachokera ku Mzuzu, ndipo zimenezo zinkandiwawa kuposa akanafunsa. Alamu anga ankakonda kuyatsa mawu anga aja pa foni kukabwera alendo, n'kumandiloza kuti wolankhulayo ndi ameneyu, akusungidwa pano.

Chaka chitazungulira foni inalira. Anali mlembi wa a Pulofesa. Msonkhano uja unali utakwananso, ndipo azungu anachita kunena kuti akufuna mayi wa moni uja. Basi alipira, malo ogona alipira. Ndinayang'ana matiresi atatsamira khoma kuseri kwa sofa, n'kuvomera.

Holo inali yomweyo, nsalu yoyera yomweyo, ana oponya zipewa omwewo. Mlendo wolemekezeka anali wina, koma naye anachoka atangojambulitsa. Anandikhazikanso pambali pa suti yotuwa. Ulendo uno anandipatsa mphindi zisanu zonse, ndipo maikolofoni itafika m'manja mwanga ndinaona mafoni akukwera m'mwamba holo yonse, azungu atasongola mapensulo, mnzanga wa ku Katawa ali kumbuyo akupukusa mutu kundichenjeza.

Ndinalankhula Chingerezi choyera. Ndinayamba ndi mlendo wolemekezeka, mwaulemu, osatchula za Jenda. Kenako ndinatembenuka thupi lonse, ndinawerama pang'ono, n'kupereka moni kwa wapampando wa zokambirana zathu, mkulu wa dipatimenti, Pulofesa, mlangizi wa ambiri, mkulu wa mpingo, tate wathu. Ndinatchula madigiri awo onse ndi kumene anawatenga. Ndinatsika makwerero otsalawo pang'onopang'ono, monga ankachitira bambo anga ku Dowa, aliyense ndi udindo wake, mpaka oimira a hotela. Pofika kwa amayi ndi abambo nthawi inali itatha. Ndinathokoza okonza msonkhano chifukwa choganizira nkhani yofunikayi, n'kukhala pansi. Mafoni anatsika limodzilimodzi. Azungu anayang'ana wowatanthauzira uja, koma panalibe choti atanthauzire. A Pulofesa anawomba m'manja nthawi yaitali kuposa onse.

Semesita yotsatira a Pulofesa anandiimbira okha, ndipo anandipatsa makalasi atatu. Kanyumba kathu ka ku Geisha kanali katalowa ena, koma tinapeza kena chakumunsi, kodontha pakona imodzi yokha. Mwana anayambiranso kuimba posamba. Ndikati ndinong'oneze bondo, ndimamvetsera nyimboyo, ndipo sindidziwa kuti ndikanachita chiyani china.

Tsiku loyamba ndinalowa m'kalasi ya ana a chaka choyamba, nkhope zonse zachilendo. Ndinaika chikwama pa tebulo n'kuyamba kufufuta bolodi. Ndinamva kunong'onezana kumbuyo kwanga, kenako kuseka kobisa. Nditatembenuka, mtsikana wina wa kumbuyo, wovala juzi yaikulu yachimuna, anali atakweza dzanja. Anati iwo onse anamva mawu aja ali ku sekondale, ndipo ena anawaloweza pamtima.

"Madamu, tipatseniko moni uja," anatero. "Ife ndife ogona pa desiki aja."

Kalasi yonse inandidikira, maso ali pa ine, mwachikondi chimene sindinachionepo m'kalasi. Zenera linali lotsegula, ndipo ofesi ya a Pulofesa inali tsidya lina la kapinga, chitseko chili pululu.

Ndinawauza kuti atsegule makope, tayamba kale mochedwa.